Kumene Ndalama ya Gulu Imagona

Mawu amene analankhulidwa pa chikondwerero cha mgwirizano wathu, m'malo mwa amayi amene amayenda maulendo okapikula katundu kunja

Tikuthokoza komiti potipatsa mpata wolankhula m'malo mwa amayi oyenda maulendo a geni. Atatifunsa kuti tikamba chiyani, tinasankha nkhani imene ena angaione yochepa pa tsiku lalikulu ngati lino, nkhani ya kumene timagona tikakhala pa ulendo.

Pa chikondwerero timakonda kutchula zooneka ndi maso: nyumba zofoleredwa ndi malata, ana amene amaliza sukulu, mashopu amene atsegulidwa. N'zoyenera kutero. Mabuku athu nawo amasunga bwino tsiku limene mayi watenga ngongole ndi tsiku limene wabweza. Koma pakati pa masiku awiriwo pali usiku umene mlembi salemba. Usiku umenewo ndalama ya gulu imagona m'dziko la eni, itamangidwa m'chiuno mwa mayi mmodzi, m'chipinda cha anthu 6, 10 kapena kuposa apo, ndipo ambiri mwa iwo mayiyo sanawaonepo chibadwire. Masheya a amayi 25 amene atsala kumudzi amakhala ali pakati pa alendo mpaka kucha. Choncho nkhaniyi ikukhudza aliyense amene anaponya sheya m'bokosi, ngakhale amene sanakwerepo basi yotuluka m'dziko.

Njira zathu mukuzidziwa. Wochokera ku Blantyre kupita ku Johannesburg amatuluka pa Mwanza, kulowa pa Zóbuè, kuoloka Zambezi pa Tete, kutuluka pa Cuchamano, kulowa pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo, kenaka kuima pamzere wa Beitbridge asanaoloke Limpopo. Malire atatu, zidindo 6, ndipo akamatsika pa Park Station miyendo imakhala itatupa. Wopita ku Kariakoo amadutsa Karonga, Songwe ndi Kasumulu, kenaka Mbeya, Iringa, Morogoro mpaka Dar es Salaam. Ena amatulukira pa Mchinji ndi Mwami kukafika ku Kamwala ndi kumsika wa COMESA ku Lusaka. Anzathu a ku Zambia amadzera pa Nakonde ndi Tunduma kapena pa Chirundu, anzathu a ku Angónia amadzera pa Calómuè ndi Dedza. Njira n'zosiyana, koma zonse zimathera pakhomo la loji kapena resitihausi pafupi ndi depoti, ndi funso limodzi: "Malo alipo?"

Chipindacho nacho timachidziwa. Mabedi osanjikizana, matiresi ena pansi, zikwama zikuluzikulu zamizeremizere zija ena amati shangani ena amati ukwa zitaunjikidwa mpaka pawindo. Soketi imodzi, mafoni khumi. Bafa limodzi la nyumba yonse. Wina akuliza mkonono, wina akutsokomola, wina akunong'ona pafoni ndi mwana amene wamusiya akudwala, wina wafika 2 koloko usiku pa basi yochedwa ndipo akufufuza bedi ndi tochi ya foni. M'chipinda chimodzi mumamveka Chichewa, Chishona, Chiswahili, Chibemba, Chipwitikizi ndi Chilingala.

Bwanji timagona chonchi? Tiyankhe mopanda manyazi kuti ndi masamu. Mayi amene amayenda ulendo umodzi pamwezi n'kugona masiku atatu, pa chaka amalipira malo ogona ka 36. Akati azigona chipinda chayekha, kusiyana kwa mtengoko kuchulukitsa ka 36 kumatuluka mu mpamba, ndipo mpambawo ndi ngongole yokhala ndi chiwongoladzanja. Ochokera ku Malawi mukukumbuka kuti mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Bedi la ku Johannesburg linali lomwelo, koma kwa wonyamula kwacha linakwera mtengo usiku umodzi. Palinso chifukwa china. Mayi amene wagona yekha m'nyumba yachilendo, munthu akagogoda pakati pa usiku alibe mboni, akakomoka alibe womuona. N'chifukwa chake ambiri a ife timasankhabe chipinda cha anthu ambiri ngakhale tsiku limene thumba likulola.

Tsono munthu angagone bwanji tulo pakati pa anthu osawadziwa atanyamula chuma cha gulu? Pali mayankho awiri amene timawaona kawirikawiri, ndipo onse amapweteketsa. Pali mayi amene amati tonse ndife amayi, palibe angabere mnzake. Ameneyu amasiya chikwama pabedi n'kupita kukasamba. Palinso mayi amene amaona wakuba pankhope iliyonse. Sapereka moni, sagona, amakumbatira chikwama mpaka kucha, ndipo m'mawa amapita kukapikula mutu uli wolemera, n'kusokoneza masamu pa shopu yoyamba yomwe.

Yankho labwino tili nalo kale, ndipo lili pa bokosi lathu. Njira yosungira ndalama imene magulu athu ambiri amatsata inayambitsidwa ndi bungwe la CARE pakati pa amayi akumudzi ku Niger mu 1991. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi amasunga anthu atatu osiyana, bokosilo limagona kwa munthu wachinayi, ndipo ndalama zimawerengedwa pamaso pa onse. Kodi timatero chifukwa msungichuma wathu ndi wakuba? Ayi. Timatero kuti iye asalowe m'mayesero, kuti asadzanamiziridwe, komanso kuti tonse tigone tulo. Chipereganyu cha ku Malawi, chilimba cha ku Zambia, mukando wa ku Zimbabwe, xitique ya ku Mozambique, stokvel ya ku South Africa, upatu wa ku Tanzania, zonsezi zakhalitsa chifukwa zili ndi malamulo amene amathandiza anthu wamba kukhulupirirana. Chipinda cha pa ulendo nacho ndi gulu, kungoti ndi la usiku umodzi. Nzeru imene timasungira bokosi tiyende nayo mpaka m'chipindamo. Tiigawa m'mfundo zisanu.

Yoyamba ndi nyumba yeniyeniyo. Musanalipire, pemphani kuona chipinda. Kodi chitseko chimakhomeka mkati? Wina amene ali ndi kiyi ndani? Chipindacho n'cha amayi okhaokha, kapena mwini wake akapeza kasitomala wamwamuna usiku amubweretsa pabedi lotsala? Funsani poyera, ena akumva. Kenaka yendani kuchokera pabedi kukafika panja, muwerenge makomo amene mwadutsa, ndipo mufunse kuti geti lalikulu likakhomedwa kiyi amakhala ndi ndani, munthuyo amagona pati. Pa 31 August 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, mkati mwa Johannesburg, ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Nyumbayo sinali loji ya apaulendo, koma zimene zinatsekereza anthu mkati timaziona m'malo ena amene timagona: anthu ochuluka, njira zothinana, zipinda zogawidwa ndi matabwa, mageti okhoma. Zikwama zathu tisamaziunjike pakhomo. Katundu timapikula wina, moyo sitipikula.

Mu June ndi July ku Johannesburg ndi ku Harare kumazizira kwambiri, ndipo pamapezeka wina wofuna kulowetsa mbaula. Makala oyaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha anthu ali m'tulo. Kanani, ngakhale akunyozeni. Magetsi akathima, yatsani tochi m'malo mwa kandulo, chifukwa katundu wathu wambiri ndi nsalu ndi mapulasitiki. Windo likhale lotsegula pang'ono ngakhale kuzizire, pakuti TB imayenda mumpweya ndipo imakonda chipinda chothinana chotseka. Tukulani matiresi muyang'ane m'misoko. Mukaona timadontho takuda, muli nsikidzi, ndipo zikalowa m'chikwama cha zovala zogulitsa mudzakazipereka kwa makasitomala anu pamodzi ndi madiresi. Ku Dar es Salaam neti ya udzudzu ndi yofunika ngati bulangete ku Harare. Ndipo ife amene tinadutsa mu kolera ya 2022 ndi 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi isanavutenso ku Zambia ndi ku Zimbabwe, tikudziwa ntchito ya kasopo m'chikwama ndi madzi akumwa odalirika pamene anthu ambiri akugwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi.

Mfundo yachiwiri ndi moni. Munthu amene wakuuzani dzina lake ndi kumene akuchokera, inu n'kumuuza lanu, wasiya kukhala mlendo weniweni. Sizifuna kudziwa chinenero chonse. "Habari, dada" kwa wa ku Tanzania, "Makadii" kwa wa ku Zimbabwe, "Mulishani" kwa wa ku Copperbelt, "Boa noite, mana" kwa wa ku Mozambique, "Sawubona, sisi" kwa wa ku South Africa, mawu ochepa chonchi amasintha nkhope ya munthu. Mukapatsana moni, gwirizanani zinthu zing'onozing'ono zimene zimayambitsa mikangano yaikulu: nyali izima nthawi yanji, adzuke m'mamawa ndani, akhome chitseko ndani, soketi musinthana bwanji. Gulu lathu silinayambe kusunga ndalama lisanakhale pansi kupanga malamulo. Chipinda nacho chimafuna mphindi zisanu zokambirana.

Apa tiwonjezere ziwiri zimene zimasokoneza oyenda koyamba. Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa. Komanso m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, moti "saa moja asubuhi" ndi 7 koloko m'mawa. Mnzanu wapabedi akakuuzani kuti basi inyamuka "saa kumi na mbili alfajiri", akunena 6 koloko m'mawa, musadikire 12 koloko. China ndi mapulagi. Ku South Africa masoketi ambiri ndi a mano atatu obulungira, ku Mozambique a mano awiri obulungira, pamene ku Malawi, ku Zambia ndi ku Tanzania tinazolowera a mano atatu amakona. Mayi amene wanyamula adaputa ndi ekisitenshoni amasanduka bwenzi la chipinda chonse asanavule n'komwe nsapato.

Mfundo yachitatu ndi ndalama, ndipo apa lamulo la chipinda likusiyana ndi la pagulu. Pagulu timawerengera poyera chifukwa ndalamayo ndi ya onse amene akuyang'ana. M'chipinda ndalamayo si ya amene akuyang'ana, choncho isaonekere. Werengerani kubafa kapena musanafike. Igaweni patatu monga timagawira makiyi: mpamba ukhale pathupi, ndalama ya chakudya ndi minibasi ikhale m'kachikwama kapamanja, ndalama yobwererera ndi ya msonkho wa pachipata ikhale pamalo ena. Wakuba akapeza chimodzi, ziwiri zitsale. Mpamba ndi pasipoti zimapita nanu kosamba, zitakulungidwa m'pepala la pulasitiki. Musananyamuke, jambulani tsamba la pasipoti limene pali chithunzi chanu mutumize kwa mlembi wa gulu kapena m'bale wanu, ndipo mukadindidwa pachipata jambulaninso chidindocho.

Masiku ano ndalama zambiri zili m'foni, ndiye foni nayo ndi chikwama. Ikhale yokhoma ndi PIN, ndipo PIN yake musalembe anthu akuyang'ana. Mnzanu akapempha kuimbira kwawo, muthandizeni, koma mumuimbire nokha ndipo foni isatuluke m'chipinda. Polankhula ndi akunyumba musatchule mokweza kuchuluka kwa ndalama imene mwanyamula, chifukwa Chichewa chimamveka kutali kuposa mmene timaganizira, ndipo wa ku Lusaka, wa ku Tete ndi wa ku Mbare atha kukumvani bwinobwino. Pa zipi ya chikwama ikanipo kaloko. Kaloko sikangaletse mpeni, koma kamachotsa mayesero kwa munthu amene analibe maganizo oba mpaka ataona chikwama chili yasa. Kubisa ndalama sikunyoza anzanu a m'chipinda. Mukuwateteza kuti chinthu chikasowa asakhale oganiziridwa, monga momwe maloko atatu amatetezera msungichuma.

Mfundo yachinayi ndi ya tsiku limene chinthu chasowa, pakuti ngakhale titasamala tsikulo limafika. Chala chimathamangira kwa amene akulankhula chinenero china, amene anafika mochedwa, kapena amene zovala zake n'zakutha. Amayi anzathu, ife tinaona zimene zinachitikira anthu obwera ku South Africa mu 2008, 2015 ndi 2019, pamene ena anathamangitsidwa ndipo ena anaphedwa chifukwa chongokhala ochokera kwina. Tisakhale oyamba kunena kuti anthu a dziko lakutilakuti ndi akuba. Mgwirizano wathu womwewu uli ndi amayi a maiko osiyanasiyana, ndipo mawu otere akamveka m'chipinda ku Lusaka amadzafika pamsonkhano ngati uno.

Chinthu chikasowa, yambani mwafufuza katundu wanu yemwe modekha, chifukwa zambiri zimapezeka m'chitenje chimene munavala dzulo. Chikapanda kupezeka, itanani woyang'anira loji anthu asanabalalike. Ngati mwagwirizana kuti zikwama zitsegulidwe, zitsegulidwe zonse, kuyambira cha wodandaula, ndipo aliyense atsegule chake ndi manja ake. Osavula munthu, osamenya munthu. Ngati yasowa ndi ndalama yambiri kapena pasipoti, pitani kupolisi mukatenge lipoti. Ku South Africa nambala ya polisi ndi 10111, ndipo pafoni ya m'manja 112 imagwiranso. Lipotilo ndi limene mudzapite nalo ku ofesi ya kazembe wa dziko lanu kuti akupatseni chikalata chobwererera kwanu. Ndipo gulu lanu lidziwe tsiku lomwelo. Nkhani ya kuberedwa ikamveka koyamba pa tsiku lobweza ngongole, ngakhale ili yoona, imavuta kuikhulupirira.

Mfundo yachisanu ndi ya zimene anzathu a m'chipinda akuyembekezera kwa ife, pakuti kwa iwo mlendo ndi ife. Ngati basi yanu inyamuka m'bandakucha, longedzani madzulo, chifukwa phokoso la majumbo ndi selotepu pa 3 koloko limadzutsa nyumba yonse. Nyimbo ndi mafilimu a pafoni zimvedwe ndi mwini wake yekha. Wina adzuka kusanache kuti aswali, wina apemphera asanagone, wina sadya zimene inu mukudya. Mupatseni malo, ndipo inunso popemphera kumbukirani kuti pali wina amene wakhala pa basi usana ndi usiku. Bafa lisiyeni mmene mukanafunira kulipeza. Ngati muli ndi BP, shuga, mphumu kapena ndinu oyembekezera, uzani munthu mmodzi ndipo mumuonetse pamene pali mankhwala ndi nambala ya kwanu. Mnzanu akadwala usiku musadikire kuti abale ake ndiwo amuthandize, chifukwa abale ake ali kuseri kwa malire atatu. Usiku umenewo m'bale wake ndi inu.

M'chipinda timaonanso zimene sitinayenera kuona. Timaona mankhwala amene mnzathu amamwa nthawi yomweyomweyo usiku uliwonse, timaona zipsera pamsana pake akamasintha zovala, timamva mkangano wa pafoni ndi bambo akunyumba. Zimenezi zitsale m'chipindamo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola. Mayi amene akuopa kuti anzake akamuulula kumudzi amatha kudumphitsa ma ARV masiku onse a ulendo, ndipo amene tamudwalitsa ndi ife ndi pakamwa pathu. Gulu limene limasunga chinsinsi cha ngongole ya membala lisalephere kusunga chinsinsi cha botolo lake la mankhwala.

Koma pali chinthu chimodzi chimene sitiyenera kuchikhalira chete. Nthawi zina pakona pamakhala mtsikana wamng'ono, wosayankhula, wopanda katundu, wosadziwa dzina la kumene akupita, ndipo pasipoti yake ili ndi "anti" kapena "ankolo" amene akuti akamupezera ntchito. Maiko athu onse ali ndi malamulo oletsa kuzembetsa anthu: Zambia, Mozambique ndi Tanzania anakhazikitsa awo mu 2008, South Africa mu 2013, Zimbabwe mu 2014, Malawi mu 2015. Koma lamulo siligona m'chipinda, amene timagonamo ndi ife. Womuperekezayo akatuluka, mufunseni mtsikanayo mofatsa ngati akudziwa kumene akupita komanso ngati makolo ake akudziwa. Mupatseni nambala yanu. Ngati mtima ukukanabe, musalimbane ndi munthuyo nokha, dziwitsani apolisi kapena akuluakulu a pachipata. Mwina mupeza kuti ndi azakhali ake enieni, ndipo palibe chimene chaonongeka. Mwinanso mukhala munthu womaliza amene akanatha kufunsa.

Tisamalize ngati kuti chipinda chimenechi ndi mavuto okhaokha. Ambiri a ife geni tinaiphunzirira pamenepo. Ndi pabedi losanjikizana pamene timamva kuti zitenje zatsika mtengo mumsewu uti wa Kariakoo, mabulangete akupikulitsa pati, basi iti ikusamala katundu, mtundu uti wa nsapato wasiya kuyenda malonda. Ambiri tinamvera m'chipinda za dongosolo la COMESA lopeputsira amalonda ang'onoang'ono, limene linayamba kugwira ntchito mu 2010 pa zipata monga Mchinji ndi Mwami. Pa dongosololi, katundu wopangidwa kapena wolimidwa m'maiko ogwirizanawo, amene ali pa mndandanda wovomerezeka ndipo sakupitirira mtengo woikika, amadutsa ndi mafomu osavuta komanso popanda msonkho wolowetsera katundu, ngakhale zolipira zina zimakhalapobe. Ndiponso ambiri amene takhala pano lero tinadziwana chonchi, pobwerekana tchaja ndi kugawana buledi.

Komabe nzeru ya m'chipinda imafuna kusefa. Nkhani ya msonkho mukaimva pabedi, kaitsimikizeni pa desiki yothandiza amalonda kapena kwa akasitomu pachipata, pakuti mndandanda ndi malamulo zimasintha. Musanyamule phukusi la munthu amene mwadziwana naye dzulo, ngakhale alire kuti ndi mankhwala a mayi ake. Pachipata chikwama chimayankhidwa ndi amene wachinyamula, ndipo alipo amayi a m'chigawo chathu amene ali m'ndende za kunja chifukwa cha phukusi la eni. Musapereke mpamba kwa wokuuzani kuti ali ndi m'bale wake wosintha ndalama pa mtengo wabwino, kapena kuti ndalama yanu ichuluka kawiri pa sabata. Pagulu membala sabwereka kuposa katatu ka masheya ake, ndipo chikhulupiriro chimakula akamabweza chaka ndi chaka. Ubwenzi wa pa ulendo nawo uzikula chomwecho. Wa usiku umodzi ndi wokwanira kugawana tiyi ndi nambala ya foni. Ngati munthuyo ali wabwino, mudzamupezanso ulendo wotsatira.

Amayi wapampando, tili ndi zopempha zinayi kwa mgwirizano wathu.

Choyamba, gulu lililonse limene lili ndi oyenda lisunge mndandanda wa malo ogona amene mamembala ake awayesa, ndipo magulu azigawana pa WhatsApp. Palembedwe ngati pali chipinda cha amayi okha, ngati chitseko chimakhomeka mkati, njira yotulukira ili bwanji, madzi alipo, katundu amasungidwa pati, ndi mwezi umene membala anagonako komaliza, chifukwa loji yabwino chaka chino itha kusintha mwini chaka chamawa.

Chachiwiri, mayi woyenda koyamba asapite yekha. Aperekezedwe ndi wozolowera, ndipo m'chipinda mmodzi akapita kosamba wina atsale ndi katundu.

Chachitatu, malamulo a gulu lililonse anene momveka zimene zichitike membala akaberedwa pa ulendo. Ngongole singangofafanizika, chifukwa ndi thukuta la amayi ena. Koma gulu litha kugwirizana zowonjezera nthawi yobweza, kuimitsa chiwongoladzanja kwa miyezi ingapo, kapena kutapa m'thumba la padzidzidzi kuti membalayo apeze yobwererera, malinga wadziwitsa gulu msanga ndipo wabweretsa lipoti la polisi. Zimenezi zigwirizanidwe pamene palibe amene waberedwa. Zikakambidwa pa tsiku la misozi, ena amaweruza ndi chisoni, ena ndi mkwiyo, ndipo gulu limagawanika.

Chachinayi, kwa inu mamembala athu amene mumakhala ku Lusaka, ku Tete, ku Harare, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg: sitikupempha kuti mutsegule nyumba zanu kwa aliyense wodutsa, pakuti nanunso malo ndi ochepa. Tikupempha kuti mumzinda uliwonse mukhale nambala imodzi kapena ziwiri zimene membala angaimbe zinthu zikavuta. Munthu wodziwa kumene kuli polisi, chipatala ndi ofesi ya kazembe, wolankhula chinenero cha pamalopo, amafupikitsa vuto la masiku atatu kukhala la tsiku limodzi.

Kwa inu amene mumatsala kunyumba kusunga bokosi, tikudziwa kuti nanunso simugona bwino ndalama ikakhala pa msewu. Mnzanu akabwera, musanafunse kuti wabwera ndi katundu wanji, yambani mwamufunsa kuti anagona kuti ndipo anagona bwanji. Yankho lake lilembedwe pa mndandanda uja kuti lithandize wotsatira. Ndipo kwa ife oyenda, tikumbukire kuti mayi wapabedi la pamwamba, amene sitikumva chinenero chake, nayenso mwina wamanga m'chiuno ndalama ya mukando kapena ya xitique, ndipo kwawo kuli amayi amene akumudikira monga akutidikira ife. Akuopa ife monga momwe ife tikumuopera. Mmodzi ayenera kuyamba kupereka moni, ndipo tikupempha kuti woyambayo azikhala membala wa mgwirizano uno.

Tikufunira mgwirizano wathu zaka zina zambiri, mabokosi odzaza ndi maulendo obwerera bwino.